Botolo la pa Bedi 14

M'makonde a ku Central tinkangodutsana
ngati maminibasi a pa Mchesi,
aliyense akuimbira anthu ake.
Ife a makoti oyera patsogolo,
ophunzira unamwino pambuyo atanyamula mathireyi.
A ku labu sitinkawadziwa nkhope,
tinkangodziwa kapepala kawo kobwera mochedwa.

Lolemba lina Sisita Namondwe anatiimika pafupi ndi sinki yodontha,
anthu asanu, makalasi asanu,
nati: Bedi 14 ndi lanu nonse.
Amene adzandiuze kuti "izo si zanga"
abwerere ku laibulale, akakalambire komweko.

Pa bedi 14 panagona bambo Chimtengo, wa kabaza wa ku Kawale,
mwendo unathyokera pa mphambano ya ku Biwi,
bala likuchucha mafinya,
thupi lotentha ngati lata masana a Okutobala.
Ine yankho ndinali nditaloweza kale.
Ndinalemba jakisoni wamphamvu,
ndikupinda siginecha yanga mwaulemerero
ngati ndine mwini chipatala.

Ndaziona sanayang'ane pepala langa.
Anagwada,
nasolola botolo la mkodzo kunsi kwa bedi,
nalikweza ku kuwala kwa pa zenera.
Chiyambire usiku, anatero, ndi timadontho iti basi.

Botolo limenelo ndinali nditalidutsa katatu,
kamodzi nsapato yanga inaligunda.

Lusekelo wa ku famase anatenga pepala lija mofatsa,
monga umatengera lezala m'manja mwa khanda.
Jakisoni uyu, anati, impso zotopa sazimvera chisoni.
Asiyatu anali atatsika kale masitepe,
kuthamangira ku labu kwawo
kumene zotsatira za magazi zinagona chigonere dzulo
poti palibe anapita kukazifunsa.
Nambala imene anabwera nayo inandiumitsa pakamwa.

Mayi Chimtengo, amene sabata yonse ankayala chitenje pa simenti,
ankangotiyang'ana.
Mafunso athu kwa iwo anali a sopo ndi beseni.
Koma Mwatitha, wolimbitsa mafupa ndi minyewa,
akupinda bondo la mwendo wamoyowo pang'onopang'ono,
anafunsa ngati akucheza:
Nanga kunyumba ululu ukakula ankamwa chiyani?
Mayiwo anamasula mfundo ya pa chitenje.
Timapaketi ta bulufeni ta m'golosale tinagwera pa bulangete,
tina topanda kanthu, tambiri.
Asanu ndi limodzi pa tsiku, anati,
kuti mawa akathe kupalasa.

Mwambi uja wa mutu umodzi ndi denga
ndinaulemba pa mayeso a Sitandade 6, ndipo ndinakhoza.
Sanatiuze kuti denga lake
likhoza kukhala botolo la pulasitiki lonunkha,
kapena kuti mutu wina wolisenza
umagona pansi, pafupi ndi mapazi athu.

Ndinafufuta zimene ndinalemba.
Dzanja linkanjenjemera, cholembera chinaboola pepala.
Tinapita tonse asanu kukaitana dokotala wamkulu,
aliyense kunena chidutswa chake,
nthawi zina tikulankhula pamodzi.
Sisita Namondwe anadutsa akukankha tolole,
sanatiyamikire,
anangoti dilipi yatsala pang'ono kutha, mukuionayo?

Madzulo tinadya tchipisi pa chiwaya cha pa geti,
tikukangana za amene alipire mchere ndi kabichi.
Ndi pomwe ndinadziwa kuti Asiyatu kwawo ndi ku Chinsapo,
kuti amaopa magazi akakhala pa munthu,
osati mu kabotolo.

Lachinayi, isanakwane folo m'bandakucha,
foni yanga inalira pansi pa pilo.
Ndaziona watumiza chithunzi ku gulu lathu:
botolo lomwe lija, lodzadza mpaka m'khosi,
lachikasu ngati Sobo.

Ku hositelo konse kunali zii.
Ine ndinakhala tsonga mu mdima,
ndikumwetulira mkodzo wa munthu wa kabaza.